Ulendo wa ku Bazaruto, komwe nyanja imachoka osatsanzika

Tsiku 1, Lachitatu, Tete

Abale ndafika ku Tete, ndili moyo koma kutentha kwake sikwamasewera, mpaka madzi a pampopi akutuluka ngati a tiyi. Ndanyamuka ku Blantyre mmawa, pa Mwanza kudinditsa pasipoti, kuwolokera Zobue, ndipo mpaka pamenepo sumamva kuti watuluka m'dziko chifukwa amayi ogulitsa nthochi akukuitana mChichewa chathu chomwechi, kungoti ndalama yasintha dzina ati metikali. Kenako Moatize kwa malasha kuja, malambe ndi mbuzi njira yonse, mpaka Zambezi uyo.

Amene mukufunsa kuti ndikupita kuti, nkhani yake ndi iyi. Alamu anga, amuna a chemwali anga akulu, amagwira ntchito kuno ku Tete ndiye nthawi zonse akabwera kumudzi amandigemula kuti "alamu inu mumati ndinu a kunyanja koma nyanja simunaione." Ine munthu wobadwira ku Nkhotakota, kusambira ndinadziwa ndisanayambe sukulu, Ilala ndakwera mpaka ku Likoma nthawi ya mwera anthu akusanza mbali zonse ine ndikudya nsima bwinobwino. Ndiye wina azindiuza zimenezo? Ndinati tiyeni mukandionetse. Mawa tikupita ku Vilankulo, tauni ya m'mbali mwa nyanja ya mchere kuno ku Mozambique, Loweruka tikakwera boti kupita ku chilumba cha Bazaruto.

Amayi atamva za ulendowu sanafunse zambiri, angondipatsa chigubu cha malita 5 kuti ndikawatungire madzi a nyanja ya mchere. Ntchito yake sanandiuze, nanenso sindinafunse kkkk.

Tsiku 2, Lachinayi, Vilankulo

Tanyamuka 3 koloko usiku pagalimoto ya alamu. Changara, Guro, Catandica, Chimoio, pa Inchope nkukhotera kummwera mumsewu wa EN1. Makilomita oposa 800, ndipo chigawo cha pakati pa Inchope ndi mtsinje wa Save chili ndi maenje oti ena mwa iwo mbuzi itha kugonamo osaoneka. Sindinena zambiri, msana ndi umene ukudziwa. Titawoloka Save zinthu zinayamba kusintha, mitengo ya kokonati, mchenga woyera m'mbali mwa msewu, pa Pambarra nkusiya msewu waukulu kulowera kummawa makilomita ngati 20.

Tafika cha mma 5 madzulo. Malo tagona ali pamtunda pang'ono, kutsogolo kuli kakhoma kenako nyanja. Madzi anali odzaza mpaka kumenya kakhomako, maboti a thanga akuyandama phee, ndipo kutali uko kumaoneka timizere toyera ngati mitambo yagona pamadzi, alamu akuti zilumba zake ndi zomwezo. Kunena zoona ndinakhumudwa pang'ono. Mafunde ake ang'onoang'ono, oposedwa ndi a pa Senga Bay tsiku la mphepo. Ndinawauza alamu kuti nyanja yanu ija ndi imeneyi? Iwo anangoseka nkuitanitsa mabotolo awiri a mowa wa 2M. Ndinalawa madziwo ndi chala, eee mcherewo ndiye ulipodi, ngati munthu wathira ndiwo kawiri.

Mwezi watuluka wathunthu kuchokera mmadzi momwemo, wofiira psuu. Ndagona.

Tsiku 3, Lachisanu

Anthuni NYANJA YATHAWA.

Ndadzuka mochedwa chifukwa cha kutopa, cha mma 11 ndinati nditenge chigubu cha amayi ndithane nazo. Kufika pa kakhoma kaja madzi kulibe. Sindikunena kuti achepa ayi, kulibe! Maboti aja dzulo amayandama agona chammbali pamchenga ngati ng'ombe zokhuta, zingwe za nangula zili lambalamba pansi, ndipo pomwe panali nyanja pali azimayi avala ma capulana, zitenje zawo zakuno, akuyenda ndi mabeseni kutola nkhono ndi nkhanu, ana akusewera mpira. Madzi akuoneka kutali uko, mizeremizere yobiriwira pakati pa mchenga. Ndinayenda ndi chigubu changa mphindi khumi ndi kuposa, masilipasi akumatirira pansi, ndinangofika pa kachithaphwi kofika mu akakolo, ndinabwerera. Amayi sangalandire madzi a pachithaphwi.

Alamu anandipeza ndili kakasi, akuti "safunsa anadya phula alamu." Kuno madzi amaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku, amatenga maola 6 ndi pang'ono kupita, 6 ndi pang'ono kubwera, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50. Chimawakoka ndi mwezi. Mwezi ukakhala wathunthu ngati dzulo, kapena ukakhala mdima, ndiye amadzaza kwambiri nkuphwanso kwambiri, kusiyana kwake kumatha kufika mamita 4, ndiye poti pansi pake mpathyathyathya amabwerera mtunda wautali chonchi. Izi tinaphunzira ku jogalafe inde, ndinakhozanso mayeso ake, koma kuwerenga ndi kuona ndi maso nzosiyana. Kwathu nyanja imakwera kamodzi pachaka mvula ikatha, nkumatsika pang'onopang'ono mpaka Novembala, bwato ukalisiya pagombe usiku mawa ulipeza pomwepo ndi madzi ali pomwepo.

Masana takalipira boti la mawa. Pali ma dhow, maboti athabwa a thanga aja, otsika mtengo koma ambiri amathera pa Magaruque, chilumba chapafupi. Ife tasankha la injini loti tikwere ndi anthu ena kuti mtengo ugawike. Palinso ndalama yolowera chifukwa zilumba zonsezi ndi paki, Bazaruto Archipelago National Park, inakhazikitsidwa 1971, kukula kwake masikweya kilomita 1,430 ndipo gawo lalikulu ndi madzi. Zilumba zilipo 5: Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi kakang'ono kotchedwa Bangué. Akaputeni a boti lathu ndi bambo wachikulire wochepa thupi, amayankhula Xitswa ndi Chipwitikizi, alamu ndiwo amamasulira. Ndinafunsa kuti tinyamuka nthawi yanji, anayang'ana kunyanja kaye osati pawotchi, nkuti hafu 7, mukachedwa mudzalipeza boti lili pamchenga ndipo ndalama sabweza.

Chakudya chamadzulo ndadya matapa. Musapusitsike ndi dzina, ndi chigwada chathu chomwe chija chosinja, kungoti amathira nsinjiro ndi mkaka wa kokonati nkuponyamo nkhanu. Ndinapempha nsima, kuno amati xima, ndinanyambita mbale. Achemwali mukuwerenga izi, kokonati ndikubweretserani muyesere.

Cha mma 5 madzi anabwerera pa kakhoma paja ngati palibe chachitika.

Tsiku 4, Loweruka, Bazaruto

Iyi ikhala yaitali, amene bando yanu ndi yoperewera mundikhululukire.

Hafu 7 tinali pagombe. Madzi anali atayamba kale kubwerera ndiye boti linaima patali, tinalowa mmadzi mpaka mchiuno zikwama pamutu. Tinalipo anthu 9, ife awiri, banja la ku Maputo ndi ana awo awiri, azungu atatu, osawerengera akaputeni ndi mnyamata wawo wothandiza yemwe anakweza makala, mpunga, kula bokosi ndi nsomba ziwiri zazikulu zoti sindinazionepo. Aliyense laifi jaketi. Ine ndinafuna kukana kuti ndimatha kusambira, akaputeni anangondiyang'ana, ndinavala.

Chomwe ndinaona poyamba nchoti boti siliyenda molunjika. Chilumba ukuchiona uko koma akaputeni akulowera kwina, kukhota, kubwerera, ngati munthu wozemba ngongole. Kumeneko nkutsata ngalande zakuya pakati pa milu ya mchenga yomwe ili pansi pamadzi. Amawerenga mtundu wa madzi basi, pomwe pali buluu wakuda mpakuya, pobiriwira mowala mposaya, poyera ndiye osayerekeza. Mnyamata uja amaima kutsogolo nkumaloza ndi dzanja. Akuti ngalandezi zimasuntha, njira ya chaka chino si ya chaka chatha. Pena timadutsa malo oti pansi pakuoneka bii, ndinayesa miyala koma ndi udzu womera pansi panyanja, ndipo ndi umene umadyedwa ndi dugong, nyama yomwe yatchukitsa malo ano. Ndi yoyamwitsa, thupi ngati mvuu yopanda miyendo, mchira ngati wa nsomba, ati pachibale ili pafupi ndi njovu. Kugombe lonse la kummawa kwa Africa zinatha pafupifupi, gulu lokhalo lomwe likadali ndi tsogolo ndi la kunoli, mazana ochepa chabe. Chimazipha kwambiri ndi matchera, ikakodwa imalephera kukwera kudzapuma nkufera momwemo, nchifukwa chake ukonde wa mtundu umenewo ngoletsedwa mupaki. Tinazimitsa injini malo ena kudikira mphindi zingapo, tonse maso pamadzi. Palibe chinatuluka. Tinangoona ma dolphin atatu ndi kamba wa mnyanja mmodzi yemwe anasuzumira nkumira. Akaputeni akuti pali anthu abwera kasanu osaiona.

Patatha ngati ola tinakocheza ku Ponta Dundo, nsonga ya kummwera kwa Bazaruto. Apa mpomwe mutu wanga unayamba kusokonekera. Ine chilumba ndimadziwa Likoma, Chizumulu, Mbenji, Mumbo, zonse ndi miyala, mapiri omwe anamira nkutsala mitu. Ichi ayi. Ndi mchenga wokhawokha, mulu wautali makilomita oposa 30 koma wowonda, wagona motsatira gombe. Mwala woti ugende nawo mbalame sindinauone. Ndipo kutsogolo kwathu kunali phiri la mchenga loti kuliyang'ana chipewa chimagwa.

Tinayamba kukwera. Abale, Mulanje ndinakwerapo koma uyu ndi wina, ukaponda phazi limatitimira nkubwerera theka la pomwe wachoka. Ndinavula masilipasi kuti ndipepukidwe, kulakwitsa kwakukulu, mchenga unali wayamba kale kutentha ndiye ndimangodumphadumpha ngati ndaponda moto. Ana a ku Maputo aja anandipitirira akuthamanga. Alamu ndi mimba yawo ija anakhala pansi katatu, ulendo wachitatu anati "pitani alamu mukandijambulire." Ndinawakoka dzanja mpaka pamwamba tonse tili wefuwefu.

Pamwamba paja ndi pomwe ndinamvetsa chomwe alamu amaseka Lachinayi. Ukayang'ana kumadzulo komwe tachokera, madzi ali phee, obiriwira, mchenga woyera ukutuluka pena ndi pena pomwe madzi akuphwa, timaboti ta asodzi tili ngati nyerere. Ukatembenuka kummawa ndiye kuli chinyanja chenichenicho, Indian Ocean, chakuda bii, mafunde ataliatali akubwera mondondozana nkumaswekera pagombe ndi mkokomo womveka mpaka mchifuwa. Kutsidya kulibe. Kwathu ukaima pa Nkhotakota kukacha bwino mapiri a ku Mozambique umawaona, apa ukapita molunjika ukafikira ku Madagascar. Ndiye kuti mafunde ang'onoang'ono ndimanyoza aja ndi zotsalira chabe, nkhonya zenizeni zimathera pa chilumbachi. Bazaruto, Benguerra ndi Magaruque zandandalika ngati mpanda kutchinga Vilankulo. Kalekale zinali zolumikizana ndi mtunda kuchokera ku nsonga ya San Sebastian kummwera uko, nyanja itakwera nkuzidula.

Ndipo mpandawo ukuyenda. Mphepo imanyamula mchenga kuchokera mbali ya kunyanja yaikulu nkumautaya mbali inayo, umamveka kukulasa mmiyendo ngati tisingano. Mmunsi mwa phirilo ndinaona mitengo yokwiririka, kwangotsala nsonga, ina youma kale. Mapazi athu omwe tinaponda pokwera, potsika anali atayamba kufufutika. Chakumpoto mkati mwa chilumba kumaoneka tchire lobiriwira ndi nyanja zing'onozing'ono, ati za madzi opanda mchere ndipo muli ng'ona. Ng'ona pachilumba cha pakati pa nyanja ya mchere! Zinatsalira nthawi yomwe chilumba chimadukana ndi mtunda. Muli midzinso, anthu masauzande angapo amakhala mzilumbazi, asodzi, ali ndi mbuzi zawo, ndipo mahotela odula aja a anthu obwera pa helikopita ali pomwepo pafupi nawo. Zimenezo ndingoti ndaona.

Tikupuma pamwamba paja ndinafunsa akaputeni kudzera mwa alamu za namondwe. Anati Favio wa 2007 ndi amene sadzamuiwala, anasasula madenga tauni yonse. Nditatchula Freddy anagwedeza mutu, nkuloza chakummwera. Ambirife sitidziwa kuti Freddy asanafike kwathu anayamba watera kufupi ndi Vilankulo pa 24 February 2023, nkubwereranso kunyanja kukatenga mphamvu, kudzateranso ku Quelimane pa 11 March, kenako ndi uja anatipeza ku Blantyre. Ine ndimakhala ku Zingwangwa, phiri la Soche ndimaliona ndili pakhomo, zomwe zinachitika ku Chilobwe sindikufuna kuzilemba pano. Ndinaima pamchenga paja kuyang'ana mbali yomwe chinthu chija chinachokera. Alamu anaona kuti ndakhala chete, sanandifunse.

Kutsika ndiye kunali kokoma, kumangothamanga mchenga ukukugwira wokha.

Cha mma 11 tinakweranso boti kupita ku Two Mile Reef, matanthwe a korali omwe ali kunja, mbali ya nyanja yaikulu pakati pa Bazaruto ndi Benguerra. Amapitako madzi akaphwa chifukwa mpomwe matanthwewo amatchinga mafunde nkusiya dziwe lodekha mkati. Koma kuti ukafike uyenera kudutsa pa mpata wa pakati pa zilumba ziwirizi, pomwe ena mwa madzi aja amathawa ku Vilankulo amatulukira, nkukumana ndi mafunde akubwera. Mzungu wina wamkazi anayamba kusanza ine nkumamwetulira chamumtima. Chaona mnzako chapita. Mafunde a kwathu ndi afupiafupi, amamenya boti pha pha pha, thupi langa linazolowera amenewo. Awa amakunyamula pang'onopang'ono kukukweza mmwamba ngati chikepe nkukusiya, mimba imatsala kumwamba iwe uli pansi. Mwana wa ku Nkhotakota, wa Ilala uja, ndinapereka buledi ndi tiyi yense wa mmawa kwa nsomba. Alamu ajambula vidiyo, akaitumiza pagulu la banja musaikhulupirire, ndi ya AI.

Nditalowa mmadzi nseru inatha. Choyamba, madzi amchere amakuyandamitsa, sulimbana nawo ngati kwathu. Chachiwiri amawawa mmaso ndi pakhosi, ndinamwa kangapo kudzera mu kapaipi kopumira kaja ndisanazolowere. Koma zomwe zili pansipo! Ndimanyadira mbuna zathu za ku Cape Maclear ndipo ndipitiriza, koma apa pali nsomba zina ngati wina anakhala pansi ndi penti, yachikasu ya kamlomo kosongoka, ya mizere ngati mbidzi, ina yobiriwira ya mlomo ngati wa chinkhwe imaluma korali mpaka kumveka khwerr khwerr mmakutu. Korali weniweniyo ena ngati nyanga za gwape, ena ngati ubongo wa ng'ombe, ndipo ndi zamoyo, atiuza kuti osaponda osagwira. Nsomba zake sizithawa munthu poti pamenepa kuwedza nkoletsedwa. Ndinakumbuka ku Mbenji ku Salima komwe a Makanjira amatseka chilumba nyengo ya mvula, ikamatsegulidwa utaka umachita kusefukira. Nzeru yake ndi yomweyo.

Nkhomaliro tinadyera pagombe ku Bazaruto, pansi pa kansalu komwe mnyamata uja anakhoma ndi timitengo poti mthunzi kulibe. Nsomba yootcha pamakala ya piripiri, mpunga wa kokonati, nkhanu, saladi, chinanazi. Nsomba ya mnyanja ya mchere mnofu wake ngolimba, minga yochepa, yokoma ndithu, koma chambo ndi chambo abale tisanamizane. Tikudya panafika alonda a paki awiri kudzaona mapepala athu. Pa yunifolomu ndinaona chizindikiro chomwe ndikuchidziwa, African Parks, omwe aja akuyendetsa Majete, Liwonde ndi Nkhotakota, omwe anatisamutsira njovu 500 mu 2016 ndi 2017. Kuno anayamba kumapeto kwa 2017 mogwirizana ndi boma la Mozambique. Nditawauza kuti kwathu ndi ku Nkhotakota mmodzi anaseka nkuti "elefantes!" tinagwirana chanza ngati pachibale. Chibale chake sichinandithandize, mthumba ndinali nditatolera tizigoba tiwiri toyera tozungulira tokhala ndi chithunzi ngati duwa pamsana, ndimati ndikapatse mwana wanga. Anandiuza mwaulemu kuti pano sutenga kanthu. Ndinatibweza pamchenga pomwepo, ndangotsala ndi chithunzi.

Pa Benguerra tinangoima pang'ono, ena anasambira, ine ndinagona pansi pa boti kubisala dzuwa. Amene amati munthu wakuda sapsa ndi dzuwa abwere adzaone mapewa anga.

Cha mma 3 akaputeni anayamba kutikusa, madzi abwera tiyeni. Ndipo zoona, pomwe tinadyera nkhomaliro paja podutsa pobwerera panali patamira, makala athu okha mnyamata anali atawakwirira kumtunda. Ulendo wobwerera tinadutsa molunjika pamwamba pa milu ya mchenga yomwe mmawa timaizemba. Mphepo inali itakwera, madzi akutithira kumaso, tonse zii kutopa. Ma dhow a asodzi amabwerera nawonso, mathanga awo a zigamba atakhuta mphepo, opanda injini koma akuyenda mwaulemu wake. Boti linatitula pafupi penipeni ndi kakhoma kathu, pomwe dzulo ana amasewera mpira.

Silipasi imodzi yatsala ku Bazaruto, sindikudziwa kuti pati.

Tsiku 5, Lamulungu

Thupi lonse likuwawa, mchenga uli mmakutu, mchikwama, mpaka mu chaja ya foni. Alamu akuti tinyamuke 5 koloko kuti maenje a ku Save tiwadutse kukuwala, ndiye ndikulemba izi tili mgalimoto netiweki ikubwera nkumapita.

Usiku ndisanagone ndinafunsa mnyamata wa pamalo tinagona kuti mmawa madzi akhala pati, anawerenga zala nkuti akhala akubwera, hafu 6 adzaza. Ndadzuka 4:30 kukadali mdima, chigubu mmanja, phazi limodzi silipasi lina lopanda. Ndatsika masitepe a pa kakhoma, mayadi ochepa chabe madzi ndi awa, ozizira, akukwera. Ndalowa mpaka mmaondo kuti ndisatunge mchenga wambiri, chigubu chikuti gubu gubu gubu, alamu kumtunda akuimba hutala kudzutsa anthu a eni. Chadzaza, ndatseka ndi pulasitiki mkati mwa chitsekerero kuti chisadonthe, chili kumapazi kwanga kuno.

Pa Pambarra alamu andifunsa kuti "nanga alamu, nyanja mwaiona?" Ndawauza kuti ayang'ane kutsogolo, kukubwera dzenje.